Bizinesi Ikamazizira: Poyambira Kufufuza Musanaloze Chala Antchito

Dandaulo lake ndi limodzi, amangosintha ndi wolinena. Lero ndi mwini hadiweya ku Malangalanga, mawa mayi wa saluni ku Area 25, mkuja bambo wa shedi ya mipando ku Mchesi: "Ana a masiku ano safuna ntchito, amangodikira mwezi uthe." Mukacheza naye pang'ono, munthu yemweyo amawonjezera kuti makasitomala akuthawira kwa mnzake amene watsegula chaka chatha chomwechi. Ambiri amaona ngati awa ndi mavuto awiri. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza eni mabizinesi ang'onoang'ono muno mu Lilongwe kulemba mabuku ndi kukonza kayendetsedwe ka ntchito, ndaona kuti nthawi zambiri ndi nthenda imodzi. Woyamba kumva kuti zofuna za kasitomala zasintha ndi wa pakauntala, woperekera zakudya, mnyamata wokweza katundu. Akakhala wamantha kapena wokhumudwa, uthengawo umafera m'kamwa mwake, bwana n'kudzadzidzimuka katundu atachita fumbi pashelefu.

Pezani chizindikiro chimene chikufanana ndi zimene mukuona. Pansi pa chilichonse, zoyambitsa ndazisanja kuyambira chimene ndimakumana nacho kawirikawiri mpaka chimene chimachitika mwa apo ndi apo. Musathamangire chakumapeto chifukwa choti ndi chimene chikukuyeretsani inuyo.

## Muyambe mwasonkhanitsa izi

- Buku la malonda la miyezi itatu yapitayi. Ngati mulibe, yambani lero ndi kope la sukulu.
- Masiku enieni amene munapereka malipiro pa miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, osati tsiku limene munalonjeza.
- Mayina a makasitomala khumi amene ankabwera pafupipafupi chaka chatha.

## Chizindikiro choyamba: mukangochoka, zonse zimaima

Mwapita kukaoda katundu, kapena muli kumaliro kumudzi, foni ikungolira. Kasitomala wapempha kuti amuchotsereko pang'ono pa matumba khumi a simenti, wayankhidwa kuti, "Abwana kulibe, mubwerenso." Sabweranso ameneyo. Hadiweya ina ili mapazi makumi awiri okha kuchokera pakhomo panu.

1. Simunawauze pamene mphamvu zawo zikulekeza. Ichi ndiye chofala kuposa zonse.
- Fufuzani: funsani aliyense payekha kuti, "Kasitomala akapempha kuchotsera, ungatsike mpaka pati?" Mayankho akasiyana, kapena onse akati "timaimbira inuyo", vuto lapezeka.
- Konzani: lembani pepala limodzi lokha. Mtengo wotsikitsitsa wa katundu amene amayenda kwambiri, amene angatenge pangongole ndi malire ake, ndiponso chochita munthu akabweza katundu. Likhale mu dirowa ya pakauntala.

2. Wina anayesapo kugamula yekha, munamukalipira pagulu. Anzake anaona, anaphunzirapo kuti kuima chilili n'kotetezeka kuposa kuganiza.
- Fufuzani: kumbukirani nthawi yomaliza imene wantchito analakwitsa akuyesa kuthandiza kasitomala. Munamuyankhula pati, pamaso pa yani?
- Konzani: kudzudzula kuzichitikira kuseri, kuyamikira pagulu. Ndipo siyanitsani wolakwitsa akuyesa ndi wolakwitsa chifukwa chosasamala.

3. Zonse zili m'thumba mwanu. Makiyi a sitoro, foni yolandirira ndalama za Airtel Money ndi Mpamba, manambala a amene mumapikulako. Akhale ndi mtima wotani, munthu sangagulitse katundu wotsekeredwa. Sankhani wachiwiri wanu, mumupatse zina mwa izi, azikupatsani lipoti madzulo alionse.

4. Woyang'anira ndi m'bale amene sadziwa ntchito koma sadzudzulika. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anzake amadziwa kuti akamunenera nkhani ikathera kumudzi, ndiye amangopinda manja. M'bale nayenso akhale ndi ntchito yolembedwa, malipiro odziwika ndi nthawi yolowera ngati wina aliyense. Zikakanika, muthandizeni mwanjira ina koma achoke pakauntala.

5. Munthuyo ndi waulesidi. Alipo otere. Mudzamuzindikira mukakonza zinayi zapamwambazi: anzake asintha, iye ali chimodzimodzi.

Imani kaye apa. Musachotse munthu ntchito chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000, Employment Act, limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka, komanso kuti munthuyo apatsidwe mpata wodziyankhira asanachotsedwe. Yambani ndi chenjezo lolemba. Musanafike pochotsa, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya boma. Mlandu ukafika ku Industrial Relations Court, chipepeso chake chikhoza kudya mpamba umene munausonkhanitsa zaka zambiri.

## Chizindikiro chachiwiri: mukafunsa maganizo, onse zii

Apa ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene mabizinesi ambiri amafera osadziwa.

Tinakula tikuphunzitsidwa kuti mwana sayankha akuluakulu akamalankhula. Ndi khalidwe labwino, koma likalowa m'shopu osalisamala limatseka makutu a bwana. Mtsikana wa zaka 22 sangadzuke pamaso pa anzake n'kuuza mayi wa msinkhu wa amayi ake kuti, "Madamu, ndiwo zathu zasiya kukoma." Amangoti, "Zili bwinobwino."

Ndinathandizapo lesitilanti ina ya kufupi ndi maofesi imene malonda a masana anali atatsika kwa miyezi yambiri. Mwini wake anali atasintha wophika kawiri. Nditakhala pansi ndi woperekera zakudya, tili awiri basi, anandiuza kuti anthu a m'maofesi akhala akumufunsa ngati angathe kuitanitsa chakudya pafoni kuti chiwapeze kuntchito, chifukwa nthawi yopuma ndi yochepa. Ena anali atayamba kutuma wa kabaza kwa mayi wina amene amaphikira kunyumba. Nditamufunsa chifukwa chake sananene, anati, "Sanandifunsepo." Yankho linali m'nyumba momwemo nthawi yonseyi, likutsuka mbale.

Sizichitikira ang'onoang'ono okha. Kamera yoyamba ya digito inapangidwa mu 1975 ndi injiniya wa kampani ya Kodak, Steven Sasson. Akuluakulu ake sanaithamangire chifukwa phindu lawo linali mu filimu, ndipo mu 2012 kampaniyo inakapempha chitetezo cha khoti italephera kubweza ngongole. Kumbali ina, m'mafakitale a Toyota wantchito wamba amaloledwa kukoka chingwe choitanira thandizo, ngakhale kuimitsa mzere wopangira magalimoto, akaona cholakwika. Iwo anawerengera kuti kuima kwa mphindi zochepa n'kotchipa kuposa galimoto yolakwika.

1. Malipiro amachedwa, kapena amabwera mwa zidutswa. Yang'anani masiku amene munalemba aja. Munthu amene landilodi akumugogodera ku Mtandire kapena ku Chinsapo, amene wayenda wapansi chifukwa alibe ya minibasi, maganizo ake sali pa kutukula geni yanu.
- Konzani: ikani tsiku limodzi la malipiro, ndalama zake muziziika padera sabata iliyonse musanakaode katundu. Mukaona kuti muchedwa, nenani msanga ndipo tchulani tsiku. Onaninso ngati simuli pansi pa malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa, chifukwa amasinthidwa nthawi ndi nthawi.

2. Amene ananenapo ganizo sanapindule kanthu. Mwina ganizolo linasanduka la bwana, mwina linangomuwonjezera ntchito pa malipiro omwewo.
- Konzani: tchulani dzina la mwini ganizo pamaso pa anzake. Likabweretsa ndalama, alaweko. Nenani pasadakhale kuti gawo lake lidzakhala lotani, ndipo musunge pangano ngakhale mwezi utavuta.

3. Mumafunsa pagulu, inu mutalankhula kale theka la ola. Bwana akayamba ndiye kunena maganizo ake, otsalawo amangovomereza. Funsani mmodzimmodzi, mukugwira naye ntchito, osati mutamuitanira mu ofesi ngati wapalamula. Pamsonkhano, wamng'ono ayambe, inu mumalize.

4. Funso lanu ndi lalikulu kwambiri. "Tingatukule bwanji bizinesi ino?" ndi funso loopsa. Yesani awa:
- Sabata ino kasitomala anafunsa chiyani chimene tinalibe?
- Ndi ntchito iti imene imakutayitsa nthawi kwambiri?
- Anthu akamatuluka osagula, amanena kuti chiyani?

5. Kapitawo amatsekereza. Amaopa kuti wapansi pake angaoneke wanzeru kuposa iye. Mukaona kuti nkhani zonse zimakufikani kudzera pakamwa pamodzi, tsegulani khomo lina.

Chida chimene ndimachikhulupirira kwambiri pa vuto ili ndi kope limene ndimalitcha "Tinalibe". Likhale pakauntala ndi cholembera chomangirira. Kasitomala akafunsa chinthu chimene mulibe, kapena ntchito imene simuchita, wantchito alembe tsiku ndi chinthucho. Salemba maganizo ake, akungolemba zimene wamva, choncho saopa. Loweruka lililonse muwerenge limodzi. Chinthu chikalembedwa kasanu mwezi umodzi, msika wakuuzani chochita popanda kulipira katswiri. Koma mukasiya kuliwerenga milungu iwiri, iwonso asiya kulemba.

## Chizindikiro chachitatu: mukawaphunzitsa ntchito amachoka, ena ndi makasitomala omwe

Zimapweteka, ndikudziwa. Makaniko wa ku Biwi amene waphunzitsa mnyamata zaka zitatu, n'kumupeza watsegula galaja yake kuseri kwa msewu womwewo, ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma mankhwala amene ambiri amasankha, osaphunzitsanso munthu, amapha bizinesi msanga kuposa nthendayo. Mumatsala ndi anthu osadziwa ntchito amene palibe wina akuwafuna.

1. Luso lakwera, malipiro ali pomwe anayambira. Fufuzani mwakachetechete zimene anzanu a ntchito ngati yanu akulipira. Ngati simungafikepo, onjezani komishoni pa ntchito imene munthu wagwira ndi manja ake.

2. Maola ndi ochuluka, tchuthi kulibe. Lamulo limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48. Opitirira apo ndi ovataimu: ola limodzi limalipiridwa ngati ola ndi theka pa tsiku wamba, ndipo kawiri pa tsiku lopuma kapena la holide. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera tchuthi cha masiku 18 pa chaka, wogwira masiku asanu, 15. Ambiri amene amasiya ntchito m'masaluni ndi m'malesitilanti satchula ndalama poyamba, amati, "Ndatopa."

3. Saona kumene akupita. Akuona kuti zaka khumi zikubwerazi adzakhala akusesabe pamalo pomwepo. Ikani masitepe ngakhale bizinesi ili ya anthu asanu: wophunzira, mmisiri, woyang'anira. Amene ali ndi luso koma alibe pepala, muthandizeni kufufuza ku TEVETA za mayeso ndi maphunziro a ntchito zamanja. Munthu saiwala amene anamuthandiza kupeza satifiketi.

4. Amanyozedwa. Mawu ngati "ndinakutola" kapena "anthu ofuna ntchito ndi ambiri pageti" amalembedwa mumtima, ndipo tsiku lina amakhala ndiwo mayendedwe.

5. Anali ndi cholinga choyamba yake kuyambira kale. Si mlandu, inunso munayamba choncho. Ngati ndi wokhulupirika, ganizirani zotsegula naye nthambi ku Area 49 kapena ku Area 36 mogawana phindu, kapena muzimupatsa ntchito zimene zakuchulukirani.

Kuti makasitomala asapite ndi munthu, akhale a bizinesi osati a foni ya wantchito. Gulani foni ndi nambala ya shopu, maoda onse azidzera pamenepo, ndipo kasitomala wamkulu aliyense azidziwana ndi anthu osachepera awiri.

Funsani katswiri pa nkhani ya penshoni ndi ndalama za munthu akamasiya ntchito. Pa malamulo a penshoni, bwana amaika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Ngongole imeneyi imaunjikana mwakachetechete. Ndipo ngati mukufuna pangano loletsa wantchito kutenga makasitomala anu akachoka, alembe ndi loya, osati kukopera la mnzanu.

## Chizindikiro chachinayi: makasitomala akale akusowa mmodzimmodzi

Amene tinali mu Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tikukumbukira timatebulo ta telefoni m'mbali mwa msewu, pamene munthu ankalipira kuti aimbe. Anali malonda otentha. Mafoni a m'manja atatchipa, timatebulo tija tinazimiririka. Ochenjera anasanduka ogulitsa mayunitsi, kenako maejenti a ndalama za pafoni. Malo otsukira zithunzi za filimu ndi malo olipira kuti ugwiritse ntchito intaneti anadutsa njira yomweyo, ndipo a minibasi akuona lero mmene ma Sienta ndi njinga zamoto zawalandira anthu. Palibe anachita mwano kwa kasitomala pa onsewa. Kasitomala anangopeza njira yachidule.

Musanaganize chilichonse, chitani ziwiri izi. Imbirani makasitomala khumi aja, muwafunse mwaulemu kuti masiku ano akugula kuti ndipo chinawakopa n'chiyani. Musadziteteze, ingomverani ndi kuthokoza. Kenako tumani munthu amene antchito anu samudziwa akagule kwa inu komanso kwa amene mukupikisana naye, adzakufotokozereni kusiyana kwake.

1. Kalandiridwe. Kasitomala walowa, wa pakauntala maso ali pafoni, moni palibe. Izi zikapezeka, bwererani ku chizindikiro choyamba ndi chachiwiri, chifukwa munthu wosalemekezedwa salemekeza mlendo.

2. Kugula kwa inu n'kovuta. Mnzanu amaika zithunzi ndi mitengo pa WhatsApp ndi Facebook, amalandira ndalama pafoni, amatumiza katundu pa njinga yamoto mpaka ku Area 43. Inu mukufunabe kuti munthu adutse m'chipwirikiti cha pa mlatho wa Lilongwe, afike yekha ndi ndalama m'manja. Kawirikawiri wantchito wanu wamng'ono kwambiri ndiye angakutsegulireni njira zimenezi, mukamupatsa bandulo ndi chilolezo.

3. Muyezo wanu sukugwirizana ndi thumba la anthu. Zinthu zikakwera, anthu sasiya kugula, amagula pang'ono. Onani mmene amsika amagawira mafuta ophikira, shuga ndi makala m'timiyezo ting'onoting'ono. Wa penti aganizire zitini zazing'ono, telala aganizire zokonza zovala za kaunjika m'malo modikira osoketsa suti, wa mipando alole kulipira pang'onopang'ono katundu asanatuluke.

4. Mtengo. Eni mabizinesi amathamangira apa, koma pa mafoni khumi aja mupeza kuti otchula mtengo wokha ndi ochepa. Musalimbane pa mtengo ndi munthu wa mpamba waukulu kuposa wanu, mudzatopa ndinu. Limbanani pa zimene iye sangathe: kudziwa kasitomala ndi dzina, kumulangiza zoona pa katundu wabwino ndi wachinyengo, kufika msanga.

5. Njira ya anthu yasintha. Misewu ikakulitsidwa, ngati mmene zachitikira ndi misewu ya Kenyatta ndi Mzimba muno mu Lilongwe, kapena siteji ya minibasi ikasuntha, shopu imene inali pamaso pa anthu imapezeka ili kumbuyo. Imani pakhomo muwerenge odutsa kwa ola limodzi m'mawa ndi madzulo, masiku atatu.

6. Chimene mumagulitsa chatha nthawi yake. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika palibe kumwetulira kumene kungakupulumutseni. Chizindikiro chake n'chakuti anzanu onse a malonda omwewo akuliranso. Dzifunseni kuti kasitomala ankafuna chiyani kwenikweni pobwera kwa inu, ndipo lero akuchipeza bwanji.

Chenjezo. Mukafuna kuyamba kupanga kapena kupakira zakudya, zakumwa, sopo kapena mafuta odzola, yambani mwafika ku Malawi Bureau of Standards. Mukasintha mtundu wa bizinesi kapena malo, onani ngati laisensi yanu ya ku khonsolo ya mzinda ikukulolani. Ndipo musagwirizane ndi anzanu kukweza mitengo limodzi kapena kubisa katundu, chifukwa zimenezo ndi nkhani ya Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona kuti malonda akuchitika mwachilungamo.

## Chizindikiro chachisanu: chatsopano chilichonse chimafa pakatha milungu iwiri

Munagula kompyuta yolembera sitoko, lero yavindikiridwa ndi chitenje. Munayamba zotumiza katundu kunyumba za anthu, zinatha osalengeza.

1. Munayamba zambiri nthawi imodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chimodzi basi, chikakhazikika ndiye china.
2. Chinalibe mwini. Ntchito ya "tonse" ndi ya palibe. Tchulani munthu mmodzi, mumuchotsereko ntchito ina kuti apeze nthawi.
3. Woyamba kuphwanya ndinu. Munalamula kuti chilichonse chizituluka ndi lisiti, mawa lake munatengera mlamu wanu malata osalemba. Antchito amatsata mapazi anu, osati pakamwa panu.
4. Simunawafotokozere chifukwa chake. Akaona kompyuta kapena kamera, ambiri amaganiza kuti mukuwatenga ngati akuba kapena mukufuna kuchepetsa anthu. Nenani poyera cholinga, ndi chimene iwo apindulepo.
5. Sichinaganizire za kuno. Magetsi akazima chimatani? Netiweki ikavuta? Mafuta akasowa, katundu afika bwanji? Njira iliyonse yatsopano ikhale ndi yogwirizira yake ya pepala ndi cholembera.
6. Munayesa pa nyengo yolakwika. Januwale ndi Febuluwale ndalama zimapita ku fizi, feteleza ndi chimanga. Zimayamba kuoneka anthu akakolola ndiponso msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, cha mu Epulo. Sabata ya malipiro a ogwira ntchito m'boma siifanana ndi pakati pa mwezi. Musaweruze ganizo ndi milungu iwiri ya mwezi wa njala.
7. Ganizolo silinali labwino. Zimachitika. Lisiyeni poyera, muthokoze amene analibweretsa, kuti mawa asaope kubweretsa lina.

Poyesa chatsopano, lembani zitatu musanayambe: ndalama zimene mungapirire zitatayika, tsiku loweruzira pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, ndi nambala imodzi imene idzakuuzeni ngati zayenda, monga maoda angati pa sabata.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: malonda akuyenda koma mashelefu akupepuka

Apa maganizo oyamba a bwana aliyense ndi akuti akumubera. Kukayikirana kumeneku kumawononga mtima wa antchito kuposa china chilichonse, choncho tsatani ndondomeko.

1. Mukugulitsa motengera mtengo umene munagulira, osati umene mukagulire. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo yoodera imasinthasintha. Tiyerekeze kuti munaoda chinthu pa K10,000 n'kugulitsa pa K12,000. M'buku mwaoneka phindu la K2,000. Pobwerera kokaoda mwapeza chili pa K13,000. Phindu lija kunalibe, mwadya K1,000 ya mpamba pa chinthu chilichonse.
- Konzani: imbani kofunsa mitengo yoodera sabata iliyonse, ndipo ntchito imeneyi mupatse wantchito mmodzi.

2. Mumatapa m'kabati osalemba. Ya ndiwo, ya mafuta a galimoto, ya chipepeso cha maliro, ya banki mkhonde. Dziikireni malipiro ngati wantchito, ndipo chilichonse chotapa chilembedwe pamaso pa wa pakauntala. Apo ayi, shoti imene mwapanga inu idzagwera iye.

3. Ngongole za anzanu, achibale ndi a kumpingo. Phatikizani zonse lero. Ambiri amadabwa kupeza kuti theka la shelefu lili m'makomo mwa anthu.

4. Kuwonongeka. Simenti yogwira chinyezi, zakudya zotha masiku, nyama yoola firiji itazima. Katundu wakale azikhala kutsogolo, watsopano kumbuyo.

5. Kuba. Sankhani zinthu khumi zodula kapena zoyenda msanga, muziziwerenga ndi wantchito potsegula ndi potseka kwa milungu iwiri, nonse n'kusainira. Kabati ya ndalama ikhale ndi munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Kumene kukudontha kuoneka kokha.

Imani apa mukapeza umboni. Musamenye, musatsekere munthu m'sitoro, musamuike chithunzi pa Facebook, musakalande katundu kunyumba kwake. Lamulo la ntchito sililolanso bwana kulipiritsa wantchito chindapusa, choncho musadule malipiro mwachisawawa musanafunse ku ofesi ya zantchito. Nkhani ya kuba ndi ya apolisi. Ndipo musatseke bowolo ndi katapila musanadziwe pamene madzi akutulukira.

## Pamene muyenera kusiya kudzichitira nokha

- Akauntanti wovomerezeka, wa m'bungwe la ICAM: mwawerenga sitoko miyezi iwiri koma manambala sakugwirizanabe, mukubwereka kuti mulipire antchito, kapena mwalandira kalata ya MRA imene simukuimvetsa. Musadikire tsiku lomaliza.
- Ofesi ya zantchito: musanachotse munthu, musanachepetse antchito chifukwa malonda avuta, musanasinthe malipiro kapena maola, komanso wantchito akavulala pantchito.
- Loya: mwalandira masamoni, mukulowa mgwirizano wogawana phindu ndi wantchito kapena m'bale, kapena wina akugwiritsa ntchito dzina ndi chizindikiro cha bizinesi yanu.
- SMEDCO (imene kale inkatchedwa SMEDI), bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati: mukufuna maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi, anu kapena a wachiwiri wanu uja.
- Achipatala kapena aphungu: wantchito amene anali wolimbikira wasintha mwadzidzidzi, akujomba, akumwa kwambiri, wasiya kucheza ndi anzake kapena akulankhula zotaya mtima. Apa chenjezo lolemba silithandiza. Khalani naye pansi, mumufunse za kunyumba, ndipo ngati watchula zodzipweteka musamusiye yekha, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kulikonse kumene mukupita mwa awa, nyamulani buku la malonda, umboni wa malipiro amene munapereka, pangano la ntchito ngati linalembedwa, ndi makalata onse a chenjezo okhala ndi masiku ake.